Kusiyanitsa "pray" ndi "play" n'kofunika, chizungu cha m'mphuno ayi

Pali mawu a Chingerezi amene Mmalawi aliyense wopita kusukulu kapena kutchalitchi anawamvapo kambirimbiri. Pa asembule m'mawa, pa msonkhano wa kuntchito, pa ukwati, wotsogolera mwambo amaimirira n'kunena kuti "Let us pray", koma chimene chimatuluka pakamwa nthawi zambiri ndi "Let us play". Ambiri sazindikira n'komwe, amangoweramitsa mitu. Awiri atatu okha ndi amene amatsinana, ndipo pemphero likatha nkhani yawo imakhala yomweyo.

Ine ndikuti mawu amenewa ndi oyenera kuwakonza, ndipo aliyense wophunzira Chingerezi angathe kuwakonza ngakhale atakula kale. Koma tisawakonze pofuna kumveka ngati tinabadwira ku London. Tiwakonze chifukwa pray ndi kupemphera pamene play ndi kusewera, ndipo womvera amene si wa kuno kwathu alibe pogwira. Mukaivomera mfundo imeneyi, muvomerenso inzake imene ambiri safuna kuimva: zochuluka mwa zimene timasekana nazo pa katchulidwe ka Chingerezi zilibe ntchito iliyonse, ndipo nthawi imene timataya pa izo ikanatithandiza pa zochepa zimene zimasokonezadi womvera.

Vuto la l ndi r silichokera ku umbuli kapena ulesi wa lilime. M'Chichewa l ndi r ndi liwu limodzi lokhala ndi malembo awiri. Malamulo a kalembedwe amene anachokera ku Chichewa Board, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1972, amati tilembe r liwulo likatsatira i kapena e, monga mu phiri, mbiri ndi kulera, ndipo pena paliponse tilembe l, monga mu gulu, bala ndi kulola. Limeneli ndi lamulo la polemba basi. Pakamwa, munthu anene "kulila" kapena "kulira", palibe angaganize kuti akunena za kuseka. Maina a malo salitsata n'komwe lamulolo: Chiradzulu ali ndi r, Chileka ndi Lilongwe ali ndi l pamalo omwewo, koma sindinamvepo kuti wina anakwera minibasi yolakwika chifukwa cha zimenezi. Ngakhale dzina la chiyankhulo tikukambachi ena amalemba Chingerezi, ena Chingelezi, ndipo tonse timamvana.

Onaninso mmene tinalandirira mawu obwera. President anasanduka pulezidenti, bread buledi, wireless wayilesi, primary pulayimale. Palibe cholakwika pamenepa, amenewa ndi mawu a Chichewa tsopano ndipo akutsata malamulo a Chichewa. Koma akuonetsa zinthu ziwiri zimene pakamwa pathu pamachita pokha: r amasanduka l, ndipo pakati pa p ndi liwu lotsatira pamalowa u, chifukwa maphatikizo athu salola kuti p ndi l agundane. Choncho mawu aafupi ngati pray ali ndi misampha iwiri pamalo amodzi.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti vutoli limayambira m'khutu, lilime limangotsatira. Patricia Kuhl wa ku University of Washington ndi anzake anayesa makanda a ku America ndi a ku Japan, dziko limene chiyankhulo chake sichisiyanitsanso r ndi l. Zotsatira zinatuluka mu 2006. Pa miyezi 6 mpaka 8 makanda a mbali zonse ankasiyanitsa maliwu awiriwa mofanana. Pofika miyezi 10 mpaka 12, a ku America anali atapita patsogolo pamene a ku Japan anali atabwerera m'mbuyo. Mwana asanayambe n'kuyankhula komwe, khutu lake limakhala litasankha kale kusiyana kofunika m'chiyankhulo cha amayi ake, kwina konseko n'kukutaya. Choncho munthu wamkulu akanena play pofuna pray, kawirikawiri iye mwini akumva kuti wanena bwino. Mukamuseka sadziwa n'komwe chimene mukuseka.

Koma khutu limaphunzitsika. Mu 1991 John Logan, Scott Lively ndi David Pisoni a ku Indiana University anatenga anthu akuluakulu a ku Japan n'kumawamvetsera mawu awiriawiri osiyana pa r ndi l pokha, otchulidwa ndi anthu angapo osiyanasiyana. Womvera ankasankha mawu amene wamva, ndipo ankauzidwa nthawi yomweyo ngati walondola kapena waphonya. Patapita masabata ochepa anthuwo anayamba kusiyanitsa bwino kuposa kale. Kafukufuku wotsatira, amene Ann Bradlow anatsogolera mu 1997, anapeza chinthu chimene mphunzitsi aliyense wa Chingerezi ayenera kuchidziwa: katchulidwe ka anthu ophunzitsidwa motere kanasinthanso, chonsecho palibe anawaphunzitsa kuyankhula. Anangophunzira kumva.

Tsopano yerekezani ndi mmene ambiri a ife tinaphunzirira. Aphunzitsi amatchula, kalasi yonse imabwereza mokuwa pamodzi, kawiri katatu, basi tapitirira. Mwana amabwereza chimene wamva, ndipo chimene wamva ndi liwu limodzi lomwe lija la Chichewa. M'khamu la ana ochuluka choncho palibe angamve kuti uyu wanena chiyani. Aphunzitsi nawonso anaphunzira mwanjira yomweyo kwa aphunzitsi awo. Sindikuwaimba mlandu. Munthu sangagawe chimene sanapatsidwe.

Nanga lilime lichite chiyani? Pa l wa Chingerezi, nsonga ya lilime imakhudza nkhama kuseri kwa mano am'mwamba n'kukhala pomwepo, mpweya n'kumadutsa m'mbali. Pa r, lilime silikhudza paliponse. Limabwerera m'mbuyo pang'ono, milomo n'kusongoka ngati mukufuna kunena w. Maliwu onse awiri mungathe kuwakoka nthawi yaitali osaduka. Lathu la Chichewa silikokeka, chifukwa lilime limangogunda kamodzi n'kuchoka, ndiye Mngerezi amalimva pena ngati l pena ngati r. Pa pray, konzekeretsani lilime pamalo a r milomo ikadali yotseka, kenako tsegulani. Mukatero u uja sapeza polowera. Ndipo ngati r wosakhudzayu akukukanikani, musataye mtima. Anthu ambiri a ku Scotland amamugunda r wawo pafupifupi ngati ife, koma dziko lonse limawamva, chifukwa l wawo ndi l weniweni. Kwa ife njira yachidule ndi yomweyo: limbitsani l, lilime likhale pankhama mpaka liwu lithe.

Wina anganene kuti ndikukuza nkhani. Kodi abusa akaimirira atatseka maso, alipo angaganizedi kuti akutiitanira ku bawo? Zoona, pamenepo malo ndi nthawi zimapulumutsa. Koma l ndi r amasiyanitsa mawu ochuluka kwambiri a tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri mwa iwo amakwanira pamalo amodzimodzi. Ahedi akauza mphunzitsi kuti "collect the papers" akufuna atolere mapepala, akati "correct the papers" akufuna awachonge. Zonse ziwiri n'zotheka pa sukulu yomweyo, m'mawa womwewo. Wrong number ndi long number pa foni, right ndi light, road ndi load kwa dalaivala wa thiraki, grass ndi glass, arrive ndi alive m'chipatala. Apa palibe chopulumutsa koma pakamwa.

Mavawelo nawo ali ndi mlandu wofanana. Ife tili ndi asanu: a, e, i, o, u. Chingerezi cha ku Britain chili ndi pafupifupi 20 tikawerengera ophatikizana. Tikamawapanikiza onsewo m'malo asanu, work ndi walk zimayandikana, heart, hut, hat ndi hurt zimasanduka chinthu chimodzi. Sikuti tiphunzire onse 20 mwaukatswiri. Koma munthu amene akuuza mwininyumba ku Johannesburg kapena ku Leeds kuti "I want to live here" ayenera kudziwa kuti akakoka liwu la pakatilo wanena leave, ndipo wapempha kusamuka.

Tsopano th, liwu limene ena amaliyesa chizindikiro cha munthu wophunzira. Mu thumba ndi thabwa, th wathu ndi t wotuluka ndi mpweya, ndiye tikawerenga three timanena chinthu chonga tree, ndipo apa pomwe ndi pamene odziwa chizungu amakonda kutisekera. Komatu bungwe loona za maulendo a pandege padziko lonse, ICAO, limauza oyendetsa ndege ndi owatsogolera pansi kuti nambala 3 aziitchula "tree", ndipo thousand aziitchula ndi t wamba. Anthu amene kumvana kwawo kumasunga miyoyo ya mazanamazana m'mlengalenga anaona kuti th wa lilime pakati pa mano ndi wovuta kwa ambiri ndipo samveka bwino pa wayilesi, n'kumusiya. Ku Ireland ambiri amanena tree, m'madera ena a London amanena free. Jennifer Jenkins, amene anafufuza zokambirana za anthu ochokera m'maiko osiyanasiyana poyankhulana m'Chingerezi, anatulutsa mu 2000 mndandanda wa zinthu zofunikadi kuti anthu otere amvane. Makonsonanti pafupifupi onse alimo, kutalika ndi kufupika kwa mavawelo kulimo, kusadumpha makonsonanti ogundana koyambirira kwa mawu kulimo. Th mulibe. Amene akufuna kumuphunzira aphunzire, si tchimo, koma asakhale woyamba pa mndandanda.

Ndipo tikamati "katchulidwe kolondola", tikunena ka yani? Katchulidwe kamene mabuku ambiri akale ankaphunzitsa, kotchedwa Received Pronunciation, kamene kanatchuka ndi BBC, katswiri wina wa ziyankhulo Peter Trudgill anayerekeza kuti amakayankhula ndi anthu pafupifupi 3 pa 100 alionse ku Britain komweko. Otsalawo ali ndi zawo, ndipo wa ku Glasgow ndi wa ku Liverpool samveka ngati owerenga nkhani. Chingerezi chimene makolo athu anayamba kumva sichinalinso cha ku London. Amishoni a Livingstonia amene anafika ku Cape Maclear mu 1875 ndi a Blantyre Mission mu 1876 anali a ku Scotland. Amene anatsegula Mvera mu 1889 anali a Dutch Reformed ochokera ku South Africa. Ansembe amene anafika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902 ambiri Chingerezi sichinali chiyankhulo chawo chobadwa nacho. Chizungu cha m'mphuno chimene ena amachiyesa muyeso sichinakhalepo chokhacho m'dziko muno. Ndipo kunena zoona, chokakamiza chija chimavuta kumva kuposa cha munthu woyankhula momasuka ndi mawu ake achimalawi. Ndamvapo achinyamata ena pa wayilesi akumeza theka la mawu pofuna kumveka ngati a ku America, koma collect ndi correct akuzisokonezabe. Anakonza denga nyumba ilibe maziko.

Pali anzanga ena amene amapita mbali inayo. Amati Chingerezi ndi chathu tsopano, monga chilili cha Anaijeriya ndi Amwenye, ndiye tiyankhule mmene tifunira, wofuna kutimva atchere khutu. Theka la mfundoyi ndikuligwirizana nalo. Palibe chifukwa chochitira manyazi ndi kamvekedwe kachimalawi, ndipo womvera nayenso ali ndi udindo wake. Koma taonani amene amakonda kunena zimenezi. Kawirikawiri ndi anthu amene l ndi r wawo ali pamalo kale, ana awo ali ku sukulu zolipira kumene amamva Chingerezi kuyambira ku mkaka. Amene amalipira mtengo wa malangizo amenewa ndi wina: namwino amene akukonzekera mayeso a Chingerezi a IELTS kuti akagwire ntchito kunja, mnyamata amene akufunsidwa mafunso a ntchito pa foni, mayi wogula katundu ku Dar es Salaam kapena ku China kumene onse awiri Chingerezi n'chobwereka. Pa mayeso oyankhula a IELTS katchulidwe ndi gawo limodzi mwa magawo anayi amene amapatsidwa malikisi. Safuna kuti umveke ngati Mngerezi, amafuna kuti umveke mosavuta. Kumuuza munthu wotere kuti asavutike ndi kumunamiza mokoma.

Koma osekawo ndiye ndili nawo mawu ambiri. Malamulo aakulu a dziko lino, pa gawo 51, amafuna kuti phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutenga nawo mbali pa zokambirana. Ndiye wina akapunthwa pa liwu limodzi, kanema wake amazungulira pa WhatsApp tsiku lomwelo, tonse n'kuseka mpaka misozi. Chimene amanena munthuyo, kaya ndi za mlatho wokokoloka kaya za mankhwala osowa pa chipatala cha kwawo, palibe amachikumbukira. Mwana wa sitandade 7 amene akuonera nafe kanemayo amatolapo phunziro limodzi: ukatsegula pakamwa m'Chingerezi usekedwa, bola kukhala chete. Ndipo wokhala chete saphunzira kutchula chilichonse.

Chodabwitsa n'chakuti mtima woseka umenewu timausungira abale athu okha. Mzungu akanena "ngoma" pofuna ng'oma, wasandutsa choimbira kukhala nyama ya m'tchire. Akapempha "pala" m'mawa, sakudziwa kuti kampweya kakang'ono ndi kamene kamasiyanitsa phala ndi kupala. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika samva n'komwe kuti timazikweza mosiyana. Koma timamuombera m'manja, "Eee, akuyankhula Chichewa!", n'kumukonza mwaulemu. Vuto lake ndi lomwelo la ife: khutu lake linataya kusiyana kumeneku ali khanda. Ngati chifundo chimenechi tili nacho, tichigawireko mwana wa kwathu amene akulimbana ndi chiyankhulo chachiwiri, mwinanso chachitatu ngati kunyumba amayankhula Chiyao, Chitumbuka, Chisena kapena Chilomwe.

Pali gulu lina la zolakwika limene silichokera m'khutu koma m'maso. Chichewa timachiwerenga mmene chalembedwera, lembo lililonse lili ndi ntchito, ndipo chizolowezi chabwinochi chimatipereka tikafika pa Wednesday, debt, receipt, comb, listen ndi sword. William Caxton atabweretsa makina osindikizira ku Westminster mu 1476, kalembedwe ka Chingerezi kanayamba kuuma pamene katchulidwe kanali kakusinthabe, ndipo b wa mu debt anachita kuwonjezeredwa ndi anthu ophunzira pofuna kuonetsa kuti mawuwo anachokera ku Chilatini. Apa palibe lamulo loti muloweze. Mawu alionse atsopano muyenera kuwamva musanawakhulupirire. Masiku ano madikishonale a Cambridge ndi Oxford ali pa intaneti, ndipo ukadina kachizindikiro amakutchulira mawuwo, mwa ku Britain ndi mwa ku America. Safunsa anadya phula.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi mbali ya sukulu. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, ndipo palibe amapata satifiketi ya MSCE atalephera Chingerezi. Koma mayeso akewo ndi a cholembera ndi pepala. Mwana angathe kukhoza bwino kwambiri asanatchulepo chiganizo chimodzi pamaso pa womuyesa, ndipo tonse tikudziwa kuti chimene sichibwera pa mayeso aphunzitsi sachitayira nthawi. Sindikupempha mayeso oyankhula a dziko lonse mawa lino. Ndalama zake ndi anthu ake n'zovuta. Chimene ndikupempha n'chaching'ono. M'makoleji ophunzitsa aphunzitsi mukhale mndandanda waufupi wa zimene zimavuta makamaka woyankhula ziyankhulo zathu: l ndi r, mavawelo aatali ndi aafupi, makonsonanti ogundana, malo otsindika mawu. Mphunzitsi aliyense atuluke khutu lake litazolowera zimenezi. Mawu awiriawiri aja ajambulidwe ndi anthu angapo, amuna ndi akazi, ndipo ambiri mwa iwo akhale Amalawi amene amasiyanitsa bwino, kuti mwana amve kuti n'zotheka kutchula right ndi light momveka uku ukumvekabe ngati wa ku Dedza. Zojambula zotere zimakwana pa foni wamba ndipo zimatumizika pa WhatsApp pomwe timatumizirana makanema oseka aja. Mphindi zisanu pa phunziro, ana akuloza dzanja lamanja akamva r, lamanzere akamva l, mphunzitsi angaone ndi maso amene akuvutika ngakhale kalasi itadzaza mpaka pakhomo.

Pa malo otsindika mawu ndiikepo chitsanzo chimodzi, chifukwa chimakhudza ndalama ndi mankhwala. Fifteen ndi fifty, thirteen ndi thirty, mpaka nineteen ndi ninety. Mu fifty mphamvu ili pa phatikizo loyamba ndipo mapeto ndi aafupi. Mu fifteen mapeto amakokedwa ndipo n ayenera kumveka. Ife timakonda kukoka phatikizo lotsatizana ndi lomaliza monga timachitira m'Chichewa, ndiye ziwirizi zimafanana, makamaka pa foni pamene netiweki ikudukaduka. Ngakhale eni Chingerezi amasokonezana pa manambala amenewa, n'chifukwa chake m'zipatala ndi m'mabanki mumamva munthu akunena "fifteen, one five" kapena "fifty, five zero". Wogulitsa pa Airtel Money kapena Mpamba, namwino wolandira malangizo a dokotala pa foni, kalaliki wolemba oda ya matumba a simenti, onsewa azolowere kutchula manambalawo limodzilimodzi ndi kupempha winayo abwereze asanalembe.